Sajeni wosowa tulo ku Chipata: lipoti la kadyedwe, ulonda wa usiku ndi zakumwa zopatsa mphamvu

Lipotili ndalilembera anzanga ogwira ntchito m'zipatala zomwe zimaona asilikali, apolisi ndi alonda kuno ku Chigawo cha Kum'mawa. Ndine clinical officer. Wodwala amene ndikufotokoza anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe. Dzina, nambala ya ntchito ndi kampu yawo sinditchula, ndizingoti a Sajeni.

Chimene anabwerera

A Sajeni ndi a zaka 38, ali pabanja, ana atatu, ndipo akhala pa usilikali zaka zoposa 15. Anabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anali atadzilembera kale mankhwala m'mutu. "Adokotala, mungondipatsa timapiritsi togonetsa tamphamvuko. Piriton sakugwiranso."

Vutoli linali litatha pafupifupi chaka, ndipo linali ndi nkhope ziwiri. Masiku amene ali pa gadi usiku wonse, akaweruka m'mawa amagona maola awiri kapena atatu basi, kenako maso gwa mpaka madzulo. Masiku amene agona kunyumba, tulo timabwera msanga, koma cha m'ma 1 kapena 2 koloko amadzidzimuka ndi chilungulira, madzi owawasa ali kukhosi, n'kupita kukataya madzi, ndipo akabwerera pabedi amangotembenuka mpaka nthawi yodzukira kupita ku PT, masewera olimbitsa thupi a asilikali. Masana amasinza pamisonkhano. Chimene chinawaopsa n'chakuti tsiku lina anadzidzimuka ali chiimire pageti, mfuti ili paphewa, osadziwa kuti mphindi zingapo zapita bwanji.

Zimene ndinayamba kuchotsa

Msilikali akati sakugona, maganizo athu amathamangira ku zimene anaona kunkhondo, ndipo n'koyenera kufunsa. Kuyambira 2015 dziko la Zambia lakhala likutumiza asilikali ku Central African Republic pansi pa MINUSCA, ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations, makamaka kudera la Birao, ndipo a Sajeni anapitako ulendo umodzi zaka zapitazo. Koma analibe maloto obwerezabwereza, sanali kudzidzimuka ndi phokoso, ndipo nkhani za kumeneko amazikamba momasuka. Pa mafunso a PHQ-9, oyezera kukhumudwa, anapeza 4, kutanthauza kuti matenda a kukhumudwa panalibe. Ngongole anali nayo, yodulidwa pa malipiro monga ambiri, koma anati akadzuka usiku saganiza za ndalama, amangomva moto pachifuwa.

Mankhwala ena sanali kumwa. HIV analibe. Ndatchula izi chifukwa amene ali pa TLD, piritsi la HIV, ena amasowa tulo ndi dolutegravir amene ali m'piritsimo, ndipo nthawi zambiri kungosamutsira piritsi m'mawa kumathandiza, choncho funso la nthawi yomwera musamalidumphe. Malungo tinayeza, panalibe. Fodya sasuta.

Kupima thupi kunaonetsa izi: kulemera 91 kg, kutalika 1.72 m, BMI (kulemera poyerekeza ndi kutalika) 30.8, kutanthauza kunenepa kwambiri, m'mimba kuzungulira 104 cm, khosi 41 cm. BP inali 146/94, ndipo titabwereza tsiku lina sinasiyane kwenikweni. Shuga wa m'mawa asanadye anali 5.9 mmol/L, magazi okwanira bwino. Pa Pittsburgh Sleep Quality Index, mafunso omwe anakonzedwa ndi Daniel Buysse ndi anzake mu 1989, anapeza 13. Muyeso umenewu umachokera pa 0 kufika pa 21, ndipo kupitirira 5 ndiye kuti munthu sakugona bwino. Pa Epworth Sleepiness Scale, mafunso oyezera kusinza masana, anapeza 12 pa 24, pomwe malire ndi 10.

Kabuku ka zakudya

Nditawafunsa kuti amadya chiyani, yankho linali la munthu aliyense wa kuno: nsima, ndiwo, tiyi. Yankho lotere silithandiza. Ndinawapempha agule kabuku ka ana a sukulu, ndipo kwa masabata awiri azilemba chilichonse cholowa m'kamwa pamodzi ndi ola lake, nthawi yogona ndi nthawi yodzuka. Ndinapemphanso kuti ulendo wotsatira abwere ndi mayi a kunyumba. Kabukuko ndi kamene kanaulula matendawa.

Tsiku la gadi limayenda chonchi. Amadya nsima cha m'ma 5 koloko madzulo asanakalowe. Ikamakwana 11 usiku njala yabweranso, ndipo chimene chilipo ndi vitumbuwa kapena mabanzi ogula madzulo, ndi botolo la chakumwa chopatsa mphamvu la 500 ml. Pakati pa usiku tiyi wa mufulasiki wa masipuni atatu a shuga. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, pamene tulo timalemera kwambiri, botolo lachiwiri. Akaweruka, kunyumba kuli tiyi wina ndi buledi, kenako pabedi cha m'ma 8 kapena 9 koloko, m'nyumba ya malata, mu Okutobala.

Ndinawauza abwere ndi botolo lopanda kanthu tiwerengere limodzi zolembedwa kumbuyo. Panali 32 mg ya kafeini pa 100 ml iliyonse, ndiye kuti 160 mg m'botolo limodzi. Mabotolo awiri 320 mg. Kuwonjezera makapu atatu a tiyi, kapu ya khofi ya masana ndi botolo la Coca-Cola, tinadutsa 500 mg. Mlingo umene mabungwe oona za chakudya ku Ulaya ndi ku America amati munthu wamkulu wathanzi asapitirire patsiku ndi 400 mg. Koma kwa ine kuchulukako kunali nkhani yachiwiri. Yoyamba inali ola. Thupi limatenga pafupifupi maola asanu kuti lichotse theka la kafeini amene walowa m'magazi. Botolo la 4 koloko lija, theka lake limakhala likadali m'magazi 9 koloko pomwe a Sajeni akufuna kugona, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi likadalipo 2 koloko masana, osawerengera tiyi wa m'mawa amene wathiridwa pamwamba.

Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumaunjikana adenosine, ndipo ndi iyeyu amabweretsa kulemera kwa zikope. Kafeini amakhala pamalo pomwe adenosine amayenera kugwira, ndiye ubongo sumva kuti watopa ngakhale kutopako kulipo. Mu 2013, Christopher Drake ndi anzake ku America anaonetsa kuti 400 mg ya kafeini, ngakhale itamwedwa maola asanu ndi limodzi munthu asanagone, imachepetsa tulo ndi nthawi yoposa ola limodzi. Za asilikali enieni ziliponso. Lipoti la CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, la mu 2012, lochokera pa kafukufuku wa asilikali a America omwe anali ku Afghanistan mu 2010, linapeza kuti pafupifupi 45 pa 100 alionse amamwa chakumwa chopatsa mphamvu tsiku lililonse, ndipo pafupifupi 14 pa 100 amamwa zitatu kapena kuposa. Omwa zitatu aja ndi amene kawirikawiri amagona maola anayi kapena kuchepera, ndiponso ndi amene amagwidwa tulo pa ulonda. A Sajeni nditawauza zimenezi anaseka, amvekere, "Ndiye kuti chinthu chimene ndimagula kuti ndisagone pageti ndi chomwecho chikundigonetsa pageti." Sindinawonjezepo kanthu.

Tsiku losakhala pa gadi linali ndi vuto lina. M'mawa tiyi yekha. Masana kawirikawiri osadya, kapena Coca-Cola ndi banzi. Akaweruka, ku mesi, malo odyera ndi kumwera asilikali: mabotolo atatu kapena anayi a mowa ndi michopo. Kunyumba amafika cha m'ma 9 kapena 10 usiku, n'kupeza nsima yofundikira, mitanda inayi ya ufa woyera, ndiwo nyama yokazinga kapena soseji, masamba pang'ono pambali. Akasamba m'manja, mphindi makumi awiri sizitha ali pabedi.

Apa zinthu zitatu zimagwirizana. Mimba yodzaza munthu atagona chagada imakankhira asidi kum'mero, ndipo mafuta ndi mowa zimafooketsa kamnofu kotseka pakhomo pa chifu, n'chifukwa chake odwala chilungulira timawauza kuti pakati pa chakudya ndi bedi pazidutsa maola atatu. Mowa umagonetsa msanga, zimenezo n'zoona ndipo odwala amatigonjetsa nazo pokangana, koma thupi likamaliza kuugaya pakati pa usiku tulo timaduka, munthu n'kumadzukadzuka, ndipo umachulukitsanso mkodzo. Chachitatu, mowa umafooketsa minofu ya kukhosi, ndipo kwa munthu wa khosi la 41 cm zimenezi si zazing'ono.

Funso limene linandivuta linali lakuti chinayamba n'chiti, kudya kotere kapena kusagona. Ndikuona kuti zimadyetsana. Mu 2004, ofufuza a ku University of Chicago, Karine Spiegel ndi Eve Van Cauter ndi anzawo, anagoneka anyamata athanzi maola anayi okha kwa masiku awiri. Leptin, amene amauza ubongo kuti munthu wakhuta, anatsika ndi 18 peresenti. Ghrelin, amene amadzutsa njala, anakwera ndi 28 peresenti. Ndipo njala imene inakula kwambiri inali ya zotsekemera ndi za ufa. Vitumbuwa vya 11 koloko usiku si dyera, ndi thupi losagona likupempha. Mbali inayo, kafukufuku wa Marie-Pierre St-Onge wa ku Columbia University mu 2016 anapeza kuti tsiku limene anthu adya zakudya zopanda gaga ndi masamba okwanira, zamafuta a nyama ndi shuga wambiri, tulo tawo timakhala topepuka ndi todukaduka. Anali kafukufuku wa anthu ochepa, sindimukweza kwambiri, koma akugwirizana ndi zimene zinali m'kabuku kaja.

Chimene tinachita

Mapiritsi ogonetsa ndinakana, ndipo ndinawauza chifukwa chake. Diazepam amakhala m'thupi mpaka tsiku lotsatira, amazolowereka, amaonjezera vuto la kupuma mtulo, ndipo akasakanikirana ndi mowa ndi woopsa. Munthu wonyamula mfuti yodzaza sindingamupatse mankhwala otere chifukwa cha vuto limene gwero lake lili m'mbale ndi m'botolo. Piriton tinamusiyanso. Thupi limamuzolowera m'masiku ochepa, n'kusiya chizungulire cha m'mawa chokha.

Ndandanda ya gadi si yanga kuisintha, ndipo kuuza msilikali kuti azigona 9 koloko tsiku lililonse n'kumuseka. Bungwe la American Academy of Sleep Medicine linanena mu 2015 kuti wamkulu azigona maola asanu ndi awiri kapena kuposa, koma ntchito ina siilola. Choncho tinagwira pomwe tingathe, pa maola a chakudya.

Kafeini sindinaletse. Mlonda amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchita zinthu mofanana ndi munthu amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, monga anaonetsera Drew Dawson ndi Kathryn Reid ku Australia mu 1997, ndiye kumulanda chomuthandiza n'kumuika pangozi. Tinagwirizana kuti botolo likhale limodzi, amwe theka cha m'ma 10 usiku ndi theka lina isanakwane 1 koloko, ndipo kuchokera pamenepo madzi okha. Nthawi yovuta ya 4 koloko aziimirira, aziyendayenda, asambe kumaso, acheze ndi mnzawo. M'malo mwa vitumbuwa azinyamula za kunyumba: kandolo wophika, nshawa zokazinga zodzaza dzanja, dzira lowiritsa, nthochi. Kuno nshawa si zosowa, ndipo ndalama ya botolo lachiwiri ija imakwanira kugula zonsezi pa msika wa Kapata. Akaweruka m'mawa, phala lothira nsinjiro m'malo mwa tiyi, kuti njala isawadzutse, kenako kugona msanga dzuwa lisanatenthe malata, bulangeti litapachikidwa pawindo, foni itazimitsidwa.

Masiku ogona kunyumba tinatembenuza tsiku. Nsima yaikulu masana. Madzulo kudya isanakwane 7 koloko, mitanda iwiri, ya mgaiwa kapena roller meal ngati ilipo, ndiwo zamasamba zochuluka, chiwawa chotendera, repu, therere, pamodzi ndi nyemba kapena kapenta, nyama yokazinga mwa apo ndi apo. Tiyi ndi Coca-Cola zithere masana.

Pamenepa ndi pomwe kubwera kwa mayi a kunyumba kunathandiza, chifukwa iwo ndi amene anatsutsa, ndipo anali ndi mfundo. "Adokotala, bambo akabwera usiku n'kudya mitanda iwiri yokha, ine ndiganiza chiyani? Kwathu mwamuna akamasiya nsima timati akudya kwina." Ananenanso kuti kuphika msanga n'kosavuta, ana amadya nthawi yomweyo kale, koma bambowo ndi amene sapezeka. Sindinayankhe ine. A Sajeni anakhala chete pang'ono, n'kunena okha kuti aziyamba kunyumba kudya ndi ana, ku mesi azipita Loweruka. Ndikanalamula ineyo sizikanatheka. Ndimaona kuti anzanga ambiri timapereka malangizo a kadyedwe kwa mwamuna yekha, pomwe mthiko uli m'manja mwa wina.

Za mowa tinakambirana mosabisa. Sanali okonzeka kusiyiratu, ndipo pa mafunso anga panalibe zizindikiro zoti thupi lawo silingakhale popanda mowa. Tinagwirizana mabotolo osapitirira awiri, tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, ndipo atsirize kukadali maola atatu asanagone. Pa chilungulira ndinawapatsa omeprazole 20 mg m'mawa asanadye kwa masabata anayi, ndi kuwauza aike njerwa pansi pa miyendo ya kumutu kwa bedi ndi kugonera kumanzere. Mankhwala a BP sitinayambe nthawi yomweyo. Ndinafuna kuona kaye ngati itsike kafeini, mowa ndi mchere zikachepa, tikuyeza pafupipafupi.

Mmene zinayendera

Sabata yoyamba inali yowawa. Mutu unawapweteka masiku angapo, anali okwiyakwiya, ndipo mayi a kunyumba anati ana amawazemba. Ndinali nditawachenjeza kuti kuchepetsa kafeini kumachita zimenezi, kuti mutu umayamba pakatha tsiku limodzi ndipo umatha mkati mwa sabata kapena kupitirira pang'ono, ndiye sanabwerere ku botolo lachiwiri. Chimene chinasintha msanga ndi usiku wa kunyumba. Chilungulira chinaleka kuwadzutsa, ndipo akadzuka kukataya madzi amagonanso. Tulo ta masana pambuyo pa gadi tinachedwa kusintha, koma pofika mwezi wachiwiri kabuku kamaonetsa maola anayi mpaka asanu m'malo mwa awiri.

Kumapeto kwa mwezi, malipiro atalowa, anabwerera ku zakale kwa masiku atatu: mesi, michopo, nsima ya 10 koloko usiku. Anazilemba zonse m'kabuku mosabisa, ndipo pambali pake analemba maola amene anadzuka. Masamba atatu amenewo anawaphunzitsa kuposa zonse zimene ndinalankhula.

Patatha miyezi itatu, Pittsburgh inatsika kuchoka pa 13 kufika pa 7, Epworth kuchoka pa 12 kufika pa 9. Kulemera 88 kg, m'mimba 100 cm, BP 134/86. Omeprazole anali atasiya kale ndipo chilungulira chimangobwera akamwa mowa mochedwa. Kusinza pageti sikunachitikenso.

Sindinganene kuti zonsezi ndi chakudya chokha. Tinasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, omeprazole anagwira mbali yake, ndipo mvula itayamba kunja kunazizira, zomwe zimathandiza aliyense wogona masana pansi pa malata. Munthu mmodzi si kafukufuku. Komabe m'kabukumo masiku a tulo tabwino ndi masiku a tulo toipa amasiyana pa zinthu ziwiri zomwezomwezo, ola la kafeini womaliza ndi ola la nsima yomaliza, ndipo zimenezi zinaoneka kukutentha ndiponso mvula itagwa. Mtundu wa chakudya unathandiza pa kulemera ndi pa BP, koma pa tulo ndikuona kuti ola ndi limene linalemera kwambiri.

Chimene chatsala

7 wa pa Pittsburgh uja akadali pamwamba pa 5, ndipo pali chimene ndikuchiganizira kuti ndicho chifukwa chake. Mayi a kunyumba ananena, bambowo ali pomwepo akukana, kuti amaliza mkonono womveka kuchipinda cha ana, ndipo nthawi zina amasiya kupuma mpaka iwo kuwagwedeza. Mowa utachepa mkonono unachepa, koma kudukiza kupuma sikunathe. Pa mafunso a STOP-BANG, oyezera chiopsezo cha kudukiza kupuma mtulo, a Sajeni apeza 6 pa 8: mkonono, kutopa masana, kuonedwa akusiya kupuma, BP yokwera, khosi loposa 40 cm, ndi kukhala mwamuna. Kuyambira pa 5 munthu amaikidwa m'gulu la omwe ali pachiopsezo chachikulu cha matenda otsekeka kukhosi mtulo, ndipo amenewa satha ndi kusuntha ola la nsima, ngakhale kuchepetsa thupi kumawachepetsa. Akhozanso kukhala amene akugwira BP kuti isatsike bwino.

Ndawalembera kalata yokaonana ndi dokotala wamkulu ku Chipata Central Hospital kuti aone ngati pakufunika kuyeza kapumidwe ka mtulo. Poyamba a Sajeni anazengereza, poopa kuti zikalembedwa m'fayilo ziwatsekera mwayi wa ulendo wina wa kunja kapena kukwezedwa. Tinakambirana kuti matendawa ali ndi chithandizo, ndipo kugwidwa utagona pa gadi ndi kumene kumawononga fayilo. Anatenga kalatayo. Pakadali pano akupitiriza kulemba m'kabuku, BP tikuyeza mwezi uliwonse, ndipo ikabwereranso pa 140/90 kapena kuposa tiyamba mankhwala.